Nkhope ya kompyuta ikamasintha: kucoka pa Ubuntu 22.04 kupita pa 24.04

Mukayatsa kompyuta, mumaona cithunzi cacikulu pa sikirini, tizizindikiro ta mapulogalamu, nthawi ndi tsiku, komanso kamuvi kamene kamayenda mukagwedeza mausi. Zonsezi pamodzi ndiye nkhope ya kompyuta. Pa Cipwitikizi amati ambiente de trabalho, pa Cingerezi amati desktop. Ndi pamalo pamene inu mumagwirira nchito. Kuseri kwake kuli zinthu zambiri zimene simuziona, koma maso anu ndi manja anu amakhala pamenepa.

Nkhope imeneyi simakhala cimodzimodzi mpaka kalekale. Anthu amene amaipanga amatulutsa mtundu watsopano pakapita nthawi. Tsiku lina kompyuta idzakuonetsani uthenga wakuti mtundu watsopano ulipo, ndipo idzakufunsani ngati mufuna kuuika. Ambiri amadina msangamsanga kuti uthengawo ucoke pamaso. Ena amacita mantha, n'kuzimitsa kompyuta. Zonse ziwirizi si zabwino. Mu kompyutamo muli makalata anu, zithunzi za ana, mwina mndandanda wa ndalama za gulu lanu la alimi. Mukakonzekera bwino, zinthu zimenezi zimakhalabe pamalo pake ndipo imasintha ndi nkhope yokha. Mukapanda kukonzekera, mukhoza kulira.

Pano tiona citsanzo cimodzi: kompyuta imene ili ndi Ubuntu 22.04 ndipo ikupita ku Ubuntu 24.04.

Ubuntu ndi GNOME ndi ciyani?

Makompyuta ambiri amene mumawaona m'maofesi ali ndi Windows. Koma palinso Linux, imene Linus Torvalds wa ku Finland anaiyamba mu 1991. Linux ndi yaulere, ndipo ili ndi mitundu yambiri. Umodzi mwa mitundu yodziwika kwambiri ndi Ubuntu. Anauyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, mu 2004. Dzinalo silacilendo kwa ife ayi. Liwu lakuti ubuntu m'Cizulu ndi m'Cixhosa ndi lomwe lija ife timati umunthu.

Pa Windows, nkhope ndi imodzi basi, imene kampani ya Microsoft yakupatsani. Pa Linux munthu amasankha. Pali nkhope yochedwa GNOME, pali KDE Plasma, pali Xfce, ndi zina. Ubuntu amabwera ndi GNOME. Anthu awiri a ku Mexico, Miguel de Icaza ndi Federico Mena, ndi amene anayamba nchito yopanga GNOME mu 1997. Lero GNOME yatsopano imatuluka kawiri pa caka, mu Malici ndi mu Seputembala, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nambala yake.

Apa mvetsani bwino. Ubuntu 22.04 anabwera ndi GNOME 42, ndipo amakhalabe ndi GNOME 42 mpaka mapeto. Ubuntu 24.04 anabwera ndi GNOME 46. Conco pa Ubuntu, njira yoyenera yopezera nkhope yatsopano ndi kusintha Ubuntu yense. Musalole munthu kukukakamizirani GNOME yatsopano pa Ubuntu wakale. Zili ngati kufolera malata atsopano pa mitengo ya denga lina: misomali simagwirizana, ndipo mvula ikabwera mudzadziwa.

Kuwerenga manambala

Manambala a Ubuntu ndi osavuta kuwerenga mukangodziwa cinsinsi cake. Nambala yoyamba ndi caka, yaciwiri ndi mwezi. 22.04 ndiye kuti caka ca 2022, mwezi wacinayi, wa Epulo, umene pa Cipwitikizi timati Abril. 24.04 ndiye kuti caka ca 2024, mwezi womwewo wacinayi. Yesani nokha: nanga 23.10 anatuluka liti? Eetu, mu 2023, mwezi wa khumi.

Ubuntu watsopano amatuluka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, koma si onse amene ali ofanana. Amene amatuluka mu Epulo pakapita zaka ziwiri zilizonse amakhala ndi zilembo zitatu kumapeto kwa nambala: LTS. Zilembozi zimatanthauza kuti mtunduwo udzasamalidwa nthawi yaitali, zaka 5. Mitundu inayo imasamalidwa miyezi 9 yokha. Kwa inu amene mufuna kompyuta yolembera makalata ndi kusungira zinthu zanu, khalani pa LTS. Mitundu ya miyezi 9 ndi ya anthu amene ali ndi intaneti yambiri komanso nthawi yoseweretsa.

Kusamalidwa kumene tikunena ndi kotani? Mu pulogalamu iliyonse mumapezeka tizolakwika. Tina ndi tating'ono, koma tina timakhala ngati bowo pa mpanda: mbala za pa intaneti zimalowera pamenepo. Opanga Ubuntu akapeza bowo, amatumiza cigamba kudzera pa intaneti, kompyuta yanu n'kulandira. Zaka 5 zikatha, zigamba za masiku onsezi zimaleka kubwera. Kompyuta imayakabe, koma mabowo atsopano sakutsekedwanso. Za Ubuntu 20.04 zinatha mu 2025. Za 22.04 zikutha mu 2027, ndipo za 24.04 mu 2029. A Windows nawonso zimawacitikira: Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Ici ndiye cifukwa ceniceni cosinthira. Kukongola kwa nkhope yatsopano ndi nkhani yaing'ono.

Kodi kompyuta yanu ili ndi mtundu uti?

Tsegulani pulogalamu ya makonzedwe. Cizindikiro cake ndi kagudumu ka mano. Pa Cingerezi yalembedwa kuti Settings, pa Cipwitikizi Definições kapena Configurações. Tsikani mpaka pansi pa mndandanda wa kumanzere, dinani mzere womalizira. Pamenepo mudzaona nambala ya Ubuntu, nambala ya GNOME, kukula kwa memory ndi kukula kwa disiki. Lembani zimenezi m'kope lanu.

Mukapeza kuti muli ndi 20.04, simungalumphe kufika pa 24.04 ulendo umodzi. Muyenera kuyamba mwafika pa 22.04, kenaka n'kupitirira. Ndi maulendo awiri, ndipo intaneti yake ndi ya kawirinso.

Opanga Ubuntu amalangiza kuti 24.04 aziikidwa pa kompyuta imene ili ndi memory ya 4 GB ndi malo a 25 GB pa disiki. Ngati yanu ndi yakale kwambiri, ya memory ya 2 GB, GNOME yatsopano idzailemera. Mudzadina, n'kudikira, n'kudikirabe. Pamenepo ndi bwino kufunsa wodziwa makompyuta kuti akuikireni Xubuntu kapena Lubuntu. Ndi Ubuntu yemweyo, koma wavala nkhope yopepuka. Kompyuta yakale si yotaya ayi.

Musanadine ciliconse

Gawo ili ndi limene ndikufuna muliwerenge kawiri.

Coyamba, kodi kompyutayo ndi yanu? Ngati ndi ya kusukulu, ya kuchalichi, ya kuofesi kapena ya gulu, musasinthe nokha. Uthenga ukaoneka, utsekeni, mukauze amene amayang'anira. Mwina muli pulogalamu imene anthu ena amaidalira, ndipo siigwira nchito pa mtundu watsopano.

Ngati ndi yanu, yambani ndi kukopera zinthu zanu. Pezani fulashi kapena disiki yapadera yolumikiza ndi cingwe. Tsegulani foda yanu yaikulu, imene ili ndi cizindikiro ca kanyumba. Koperani foda ya makalata, ya zithunzi, ya nyimbo, ya zinthu zimene munatsitsa pa intaneti, osaiwala zimene zili pa nkhope penipenipo, pakuti ambirife timakonda kuunjika mafayilo pamenepo. Pa Cipwitikizi nchito imeneyi amati cópia de segurança. Mawu akuti kukopera ndi akuti kusamutsa ndi osiyana: mukakopera, cinthu cimakhala kuwiri, mu kompyuta ndi mu fulashi. Ndi zimene tikufuna.

Mukatha, musangokhulupirira kuti zatheka. Cotsani fulashi, muilowetse mu kompyuta ina, mutsegule makalata atatu kapena anayi ndi zithunzi zingapo. Zikatseguka, ndiye kuti mwasungadi. Mafulashi ena otsika mtengo a pamsika amanama: amaonetsa maina a mafayilo, koma mkati mulibe kanthu. Ndi bwino kudziwa zimenezi lero kusiyana ndi kudzadziwa tsiku limene mwataya zonse.

Mwina mukufunsa kuti, nanga si mwati kusinthaku sikufufuta mafayilo? Zoona, sikufufuta. Zonse zikayenda bwino, mudzapeza makalata anu pamene munawasiya. Koma nchito ikadukira pakati, kompyuta ikhoza kukana kuyaka. Mafayilo amakhala alimo ndithu, koma wokonza amene mungamupeze pafupi mwina adzangofufuta disiki yonse n'kuikamo zatsopano, cifukwa ndi njira yacidule kwa iye. Fulashi ija ndi imene idzakupulumutsani. Dziwaninso kuti palibe batani lobwerera kumbuyo. Mukafika pa 24.04, kubwerera pa 22.04 kumafuna kuika Ubuntu wakaleyo kuyambira paciyambi.

Lembani papepala mawu anu acinsinsi: olowera mu kompyuta, a imelo, a Wi-Fi, a Facebook. Ambiri sitiwakumbukira cifukwa kompyuta imatikumbukirira. Pepalalo libiseni kunyumba, osati kulimata pa kompyuta.

Kenaka ganizani za magetsi. Iyi ndi nkhani yaikulu kwathu kuno. Onani kuti mu Credelec muli mayunitsi okwanira. Musayambe kumwamba kukucita mdima ndipo mabingu akumveka. Laputopu ili ndi mwayi cifukwa ili ndi batire: idzazeni, ndipo ikhale yolumikizidwa ku magetsi nthawi yonseyo. Kompyuta ya patebulo ilibe batire, magetsi akangothima nayo yathima. Ngati mungabwereke kabokosi kosunga magetsi kochedwa UPS, bwerekani. Amene mumagwiritsa nchito sola, yambani m'mawa dzuwa litakwera, osati madzulo.

Intaneti nayo ikhale yokwanira. Zimene kompyuta imatsitsa kawirikawiri zimapitirira 1 GB, ndiye kuti mamega oposa 1000. Kompyuta idzakuuzani nambala yeniyeni isanayambe. Ngati mukugawira intaneti kucokera pa foni, kaya ndi Movitel, Vodacom kapena Tmcel, gulani mamega oposa nambala imeneyo, ndipo foni ikhale pamalo pamene netiweki imagwira bwino.

Comaliza ndi nthawi. Patulani theka la tsiku. Musasinthe usiku woti mawa lake mukapereka kalata yofunsira nchito kapena lipoti la gulu. Ngakhale zonse zitayenda bwino, mudzafunika masiku angapo kuti muzolowere.

Nchito yeniyeni

Tsegulani pulogalamu yolandirira zigamba zija. Pa Cingerezi dzina lake ndi Software Updater. Pa Cipwitikizi funani liwu loyamba ndi Atualiza. Lolani kuti iike zigamba zonse za 22.04 zimene zatsala, kenaka zimitsani kompyuta n'kuiyatsanso. Mukaitsegulanso pulogalamuyo, idzanena kuti zonse zili bwino, koma Ubuntu 24.04 LTS alipo. Pambali pake pali batani lakuti Upgrade kapena Atualizar.

Uthenga umenewu sunayambe kuoneka tsiku limene 24.04 anatuluka, pa 25 Epulo 2024. Opanga Ubuntu amayamba adikira miyezi ingapo kuti zolakwika zoyambirira zikonzedwe, n'kutulutsa 24.04.1, ndipo pambuyo pake ndi pamene amaitana anthu a LTS yakale. Ine ndimaona kuti mwambo umenewu ndi wanzeru. Munthu wina akakuuzani kuti ali ndi njira yokakamizira kompyuta kusintha uthenga usanabwere, mukaneni mwaulemu.

Mukadina batanilo, kompyuta idzafuna mawu anu acinsinsi. Kenaka idzaonetsa mawu ambiri ofotokoza mtundu watsopano, ndipo pambuyo pake kabokosi konena kuti mapulogalamu angati acotsedwa, angati aikidwa, ndi mamega angati amene atsitsidwe. Werengani modekha, ngakhale mutatenga mphindi khumi. Palibe amene akukuthamangitsani. Tsekani mapulogalamu ena onse, kenaka vomerani.

Nchitoyi ili ndi zigawo ziwiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika. Gawo loyamba ndi kutsitsa. Apa kompyuta ikungotuta katundu kucokera pa intaneti n'kumuunjika pambali. Intaneti ikaduka pa gawo limeneli, palibe coopsa. Mudzayambanso nthawi ina, ndipo Ubuntu wanu wakale akadali bwinobwino. Gawo laciwiri ndi kuika. Apa kompyuta ikucotsa zakale n'kulowetsa zatsopano, cimodzicimodzi. Zili ngati nyumba imene denga lake lasasulidwa ndipo latsopano lisanathe. Pa gawo ili musazimitse, musatseke civundikiro ca laputopu, musalole mwana kusewera ndi mabatani. Nthawi zina mzere woonetsa mmene nchito ikuyendera umaima kwa mphindi zambiri ngati wafa. Zilembo zina pa sikirini zikhoza kusanduka timabokosi, cithunzi n'kusintha cokha. Musaope, ndi mmene zimakhalira. Ikani madzi pamoto, mumwe tiyi.

Pakatikati kompyuta ikhoza kukufunsani mafunso. Lina limanena za fayilo ya makonzedwe imene inasinthidwapo: kodi isungidwe yakaleyo, kapena ilowe yatsopano? Ngati simukudziwa, sungani yakale, ndipo jambulani funsolo ndi foni kuti mudzamuonetse wodziwa. Ca kumapeto idzafunsa ngati icotse mapulogalamu otha nchito. Mukhoza kuvomera. Kenaka idzapempha kuyambanso. Kuyaka koyamba kumacedwa kuposa masiku onse.

Mwafika: zinthu zapita kuti?

Lowani ndi mawu acinsinsi omwe aja. Musanayang'ane zokongola, tsegulani foda ya kanyumba muone makalata anu. Yesani intaneti, yesani mawu ngati akumveka, yesani pulinta ngati muli nayo.

Tsopano yang'anani pamwamba kumanzere. Pa 22.04 panali liwu lakuti Activities kapena Atividades. Liwulo lacoka. M'malo mwake pali kamzere ndi kadontho. Dinani pamenepo, nchito yake ndi yomweyo: kuonetsa mawindo onse amene mwatsegula ndi malo olembapo dzina la cinthu cimene mukufuna. Kunena zoona, kusintha kumeneku sikunandikondweretse. Munthu amene wavutikira kuphunzira kuwerenga amafuna liwu loti awerenge, osati kadontho koti aganizire. Koma batani la pa kiyibodi lija lokhala ndi cizindikiro ca Windows, pansi kumanzere, limatsegulabe malo omwewo, ndipo ndi njira yacangu.

Pamwamba kumanja ndi pamene pasintha kwambiri. Kale mukadina pamenepo pankatsika mndandanda wa mizere. Tsopano pamabwera mabatani akuluakulu obulungira: la Wi-Fi, la Bluetooth, la kusintha sikirini kuti ikhale yakuda, ndi ena. Batani likakhala ndi mtundu wowala ndiye kuti cinthuco cayaka. Likakhala lotuwa ndiye kuti cazima. Apa ndiye anakonza bwino, cifukwa kudina kamodzi n'kokwanira. Kozimitsira kompyuta kuli momwemo, pa kacizindikiro ka mkombero wokhala ndi kamzere pamwamba.

Mzere wa mapulogalamu wa kumanzere ukadalipo. Pansi pake panali timadontho 9 totsegulira mapulogalamu onse. Tsopano pali cizindikiro cozungulira ca Ubuntu. Sitolo yotengerako mapulogalamu yasintha dzina ndi maonekedwe, pano ikuchedwa App Center. Pulogalamu yolembera makalata, LibreOffice Writer, ikadalipo ndipo imatsegula makalata anu akale. Kukopera ndi Ctrl ndi C, kumata ndi Ctrl ndi V, monga kale.

Ngati simunaikepo cithunzi canu, ca kumbuyo naco cidzasintha. Mtundu uliwonse wa Ubuntu uli ndi dzina la nyama. 22.04 ndi Jammy Jellyfish, kanyama kofewa ka m'nyanja ya mcere. 24.04 ndi Noble Numbat, kanyama ka mizeremizere ka ku Australia kamene kamadya ciswe. Tikanakhala nako kuno, mitengo ya nkhokwe ikanapuma.

Pali zinthu ziwiri zimene zikhoza kusowa. Anthu ena amaonjezera tizinthu pa GNOME, monga kosonyeza nyengo kapena kosintha kaonekedwe ka mzere wa mapulogalamu. Timeneti amati extensions. Kuyambira pa GNOME 45 kapangidwe kake kanasintha, conco takale sitigwira nchito mpaka mutapeza ta mtundu watsopano. Cinanso, ngati wina anakuikirani pulogalamu yocokera kunja kwa sitolo ya Ubuntu, njira imene pulogalamuyo imalandirira zigamba imatsekedwa pa nthawi yosinthayi, ndipo wodziwa ayenera kuitsegulanso. Izi si kuonongeka kwa kompyuta.

Mukasocera masiku oyamba, musadzione ngati mbuli. Pamene GNOME 3 inatuluka mu 2011, akatswiri ambiri a makompyuta anakwiya nayo cifukwa zinthu zimene anazizolowera zinasuntha, mpaka ena anatenga nkhope yakaleyo n'kupitiriza kuisamalira pa dzina lakuti MATE. Ubuntu nayenso anagwiritsapo nchito nkhope yakeyake yochedwa Unity, n'kubwerera ku GNOME mu 2017. Pa Windows 11, batani loyambira linacoka pakona n'kupita capakati, anthu n'kumalifunafuna. Amene anasocera si inu nokha.

Cimene cimathandiza ndi kope. Jambulani sikirini yatsopano ndi pensulo, muike mivi, mulembe m'Cinyanja kuti apa ndi pozimitsira, apa ndi pa intaneti, apa ndi polembera kalata. Ngati zilembo zikucepa m'maso, pitani ku makonzedwe, mupeze liwu lakuti Accessibility kapena Acessibilidade, muyatse zilembo zikuluzikulu. Fulashi ija musaifufute msanga. Isungeni mwezi wathunthu, mpaka mutatsegula foda iliyonse n'kuona kuti zonse zilimo.